Kujambula phazi ndi makina a kompyuta: kagwiridwe kake ndi tanthauzo lake kwa anthu a ku Bwanje

Kujambula phazi ndi makina a kompyuta ndi njira yamakono yotengera maonekedwe ndi miyezo ya phazi la munthu pogwiritsa ntchito kuwala ndi makamera, m'malo moliumba ndi pulasitala monga zakhala zikuchitikira kwa zaka zambiri. Chithunzi chomwe makinawa amatulutsa chimasungidwa mu kompyuta, ndipo akatswiri amachigwiritsa ntchito popanga choyala cha m'nsapato, nsapato yapadera kapena chochirikiza mwendo chomwe chimakwana munthu mmodzi yekhayo.

Lusoli lafala m'maiko olemera ndipo layesedwa kale m'maiko ena a mu Africa muno monga Uganda, Tanzania, Togo ndi Madagascar. Akuluakulu a m'makhonsolo, ogwira ntchito zaumoyo komanso oona za chisamaliro cha anthu akuyenera kulimvetsa bwino, chifukwa ndi iwo amene amaunika mapempho a zipangizo ndi mapulojekiti a mabungwe asanafike kwa anthu. Mfundo yoyenera kuigwira ndi yakuti makinawa amalowa m'malo mwa gawo limodzi lokha la ntchito, lomwe ndi kutenga muyezo. Phindu lake lalikulu ku dera lakumudzi ngati Bwanje ndi lakuti muyezo utha kuyenda pa intaneti kupita kwa akatswiri pamene wodwala watsala kwawo.

Zochirikiza phazi n'chiyani

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, ndipo limanyamula thupi lonse pa sitepe iliyonse. Munthu akamayenda, kulemera kwa thupi kumayambira pa chidendene, kudutsa m'mbali mwa phazi mpaka kufika kutsogolo pansi pa zala. Ngati phazi lapindika, lafooka kapena lachita dzanzi, kulemeraku kumaunjikana pa malo amodzi ndipo pamenepo ndi pomwe pamayambira ululu, khungu lolimba, matuza ndi zilonda.

Zipangizo zothandiza pa vutoli, zomwe achipatala amazitcha orthotics, zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi zoyala za m'nsapato, zomwe zimagawa kulemera kwa thupi kuti kufalikire pa phazi lonse. Gulu lachiwiri ndi nsapato zapadera zokhala ndi malo okwanira zala zopindika ndiponso zofewa mkati. Gulu lachitatu ndi zochirikiza za pulasitiki kapena zitsulo zomwe zimagwira phazi ndi akakolo mpaka kufika chakumunsi kwa bondo, ndipo izi zimathandiza anthu omwe phazi lawo limakwekwereza pansi kaamba ka poliyo, sitiroko, khate kapena ngozi.

Zipangizo zimenezi n'zosiyana ndi miyendo yochita kupanga, chifukwa zimathandiza chiwalo chomwe chilipo pamene mwendo wopanga umalowa m'malo mwa chiwalo chomwe chadulidwa. Nthawi zambiri ntchito ya choyala chabwino ndi kupewa kuti munthu asafike podulidwa mwendo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika nsapato zapadera, zochirikiza miyendo ndi zitsulo za ana obadwa ndi mapazi opindika pa mndandanda wa zipangizo 50 zofunika kwambiri kwa anthu aulumali womwe linatulutsa mu 2016. Malingana ndi bungweli, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 200 alionse amafunika ziwalo zopanga kapena zochirikiza, koma ndi munthu mmodzi yekha mwa khumi ofunika thandizoli amene amalipeza. Kuno ku Malawi, kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 10.4 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, ndipo mwa iwowa anthu 27 mwa 100 alionse amavutika kuyenda kapena kukwera pa malo okwera.

Phazi lomwe silimva kupweteka

Anthu omwe zoyala zopangidwa mwa muyezo zimawapindulira kwambiri ndi omwe mapazi awo anasiya kumva kupweteka. Matenda awiri omwe amadzetsa vutoli kawirikawiri ndi khate ndi shuga.

Dera la Mua, m'boma la Dedza, lili ndi mbiri yaitali pa chisamaliro cha mapazi otere. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo mu 1927 panatsegulidwa malo osamalirako anthu odwala khate omwe ankalandira odwala ochokera m'madera a m'mphepete mwa nyanja. Masiku amenewo anthu ambiri ankakhulupirira kuti khate lenilenilo ndi lomwe limadya zala. Dokotala wa ku Britain, Paul Brand, yemwe ankagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India, anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti zala zimatha chifukwa matendawa amaononga mitsempha yomvera kupweteka. Munthu amaponda minga, kupsa ndi moto kapena kuyenda pa chilonda osadziwa, mpaka chilonda chimalowa m'fupa. Potsatira zomwe anapezazi, ku India kunayamba kupangidwa nsapato zokhala ndi labala wofewa wotchedwa MCR, yemwe akugwiritsidwabe ntchito m'mapulogalamu a khate m'maiko ambiri.

Dziko la Malawi linakwaniritsa mu 1994 mlingo wa WHO wochepetsa khate kufika pa wodwala wosakwana mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Izi sizikutanthauza kuti matendawa anatheratu, popeza odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka, makamaka m'maboma a m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire. Mankhwala amapha tizilombo ta khate ndipo amaperekedwa mwaulere, koma sabwezeretsa mitsempha yomwe inaonongeka kale. Munthu wochira amafunika kuteteza mapazi ake moyo wake wonse.

Lero vuto lomweli likukula kudzera m'matenda a shuga. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Akatswiri a m'maiko akunja amayerekeza kuti odwala shuga 19 mpaka 34 mwa 100 alionse amatuluka chilonda cha kuphazi pa moyo wawo, ndipo mwa omwe chilonda chapola, pafupifupi 40 mwa 100 alionse chimawayambiranso chaka chisanathe. Kudulidwa kwa miyendo kwa odwala shuga nthawi zambiri kumayamba ndi kachilonda kakang'ono komwe sikanasamalidwe.

Ku chigwa cha Bwanje nkhaniyi ikukhudza chuma cha pa banja. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, yomwe inamangidwa ndi thandizo la boma la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo imatenga madzi mu mtsinje wa Namikokwe, imadalira alimi a mpunga omwe amakhala m'madzi ndi m'matope kwa maola ambiri. Asodzi a m'mphepete mwa nyanja nawo amayenda pa mchenga wotentha, ndipo amayi amayenda mitunda italiitali popita ku misika ya Golomoti ndi Mtakataka. Ambiri amavala mapatapata kapena kuyenda osavala nsapato. Kwa munthu wa phazi la dzanzi, tsiku limodzi la ntchito yotere likhoza kuyambitsa chilonda chomwe chingamukhazike pansi nyengo yonse ya ulimi.

Njira yakale yotengera muyezo

Kwa zaka zoposa zana, akatswiri akhala akutenga maonekedwe a phazi ndi bandeji wa pulasitala, yemweyo amene amamangira chikhakha munthu akathyoka. Bandejiyu anayambitsidwa ndi dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850.

Katswiri amanyowetsa bandeji, kumukulunga pa phazi ndi kuligwira mmene akufunira mpaka pulasitala atauma. Kenako amavula chikombolecho, kuthiramo phala la pulasitala ndi kutulutsa phazi loumba. Pa phazi loumbali amapala malo ena ndi kuonjezera pulasitala pa malo omwe akufuna kuti pasamapanikizike, ndipo akamaliza amatenthetsa pulasitiki kapena labala mu uvuni ndi kumuumba pamwamba pake. Njira ina yapafupi ndi yopondetsa munthu m'bokosi la siponji yomwe imabonyoka ndi kusunga chidindo cha phazi.

Njira ya pulasitala ndi yodalirika ndipo siifuna intaneti. Katswiri amamva ndi manja ake pomwe pali fupa, pomwe mfundo yauma ndi pomwe phazi likulola kuwongoka. Komabe ili ndi zovuta zake. Imadya nthawi, imafuna madzi ndi pulasitala wochokera kunja, ndipo zikombole ndi zolemera komanso zimasweka pa galimoto m'misewu ya mabampu. Chikombole chikagwiritsidwa ntchito chimaonongeka, kotero choyala chikatha munthu amayenera kubweranso kudzayezedwa.

Mmene makina ojambula amagwirira ntchito

Makina ojambula phazi, omwe ambiri amawatcha sikana, sagwiritsa ntchito mphamvu ya X-ray ndipo saona mkati mwa thupi. Amangoyeza kunja kwa phazi. Alipo a mitundu inayi yodziwika.

Mtundu woyamba umagwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Munthu amaika phazi pa galasi kapena m'bokosi, kamzere ka kuwala kamayenda kuchokera ku chidendene kufika ku zala, ndipo kamera imaona mmene kamzereko kakukhotera pa khungu. Kuchokera pamenepo kompyuta imawerengera kutalika, kutambalala ndi kuya kwa malo alionse.

Mtundu wachiwiri umawalitsa timadontho kapena timizere tambirimbiri pa phazi nthawi imodzi ndi kuyeza mmene tasinthira. Makina a mtunduwu amagwiridwa m'manja kapena kumangiriridwa pa tabuleti. Mafoni ena ali nalo kale lusoli, kuyambira pa iPhone X ya mu 2017, yomwe kamera yake yakutsogolo inapangidwa kuti izizindikira nkhope ya mwini foni.

Mtundu wachitatu ndi wongojambula zithunzi zambiri za phazi kuchokera mbali zosiyanasiyana ndi kamera wamba, ndipo pulogalamu ya pakompyuta imazilumikiza kukhala chithunzi chimodzi chokhala ndi mbali zonse. Njirayi ndi yotsika mtengo koma imafuna kuwala kokwanira ndiponso kuti wodwala asagwedezeke.

Mtundu wachinayi suyeza maonekedwe koma kupanikizika. Ndi kabolodi kapena choyala chopyapyala chokhala ndi tizipangizo tambiri tomva kulemera. Munthu akaponda kapena kuyenda, kompyuta imaonetsa mapu a phazi a mitundumitundu, ndipo malo opanikizika kwambiri amaoneka ofiira. Ganizoli si latsopano, popeza mu 1947 madokotala a ku Canada, Harris ndi Beath, ankagwiritsa ntchito mphasa ya labala yopakidwa inki yomwe inkadinda kwambiri pa pepala pomwe phazi laponda mwamphamvu. Mphasa yotereyi ikugwirabe ntchito m'zipatala zomwe zilibe makina.

Phazi litha kujambulidwa munthu ataimirira, atakhala pa mpando kapena atagona, ndipo chithunzi chimasiyana malingana ndi mmene phazilo lasenzera thupi. Kusankha kakhalidwe koyenera ndi ntchito ya katswiri, osati ya makina. Kujambula kwenikweniko kumatenga masekondi kapena mphindi zochepa.

Kuchokera pa chithunzi kufika pa choyala

Chithunzi chikatengedwa, chimasungidwa ngati fayilo yomwe itha kutumizidwa pa intaneti. Katswiri amaitsegula mu pulogalamu yojambulira ndi kuchita zomwe kale ankachita ndi chopalira pa pulasitala: amakweza pakati pa phazi, kukumba pansi pa fupa lomwe latuluka, kuzamitsa pa chidendene ndi kusiya mpata pomwe panali chilonda. Kusiyana kwake ndi kwakuti kusintha kulikonse kumalembedwa m'mamilimita ndipo kutha kubwezedwa ngati kwalakwika. Ntchito yogwiritsa ntchito kompyuta popanga ziwalo ndi zochirikiza inayamba m'zaka za m'ma 1980 m'masukulu a ukachenjede a ku London ndi ku Vancouver.

Pali njira ziwiri zopangira choyalacho. Yoyamba ndi ya makina osema, omwe amasema chipika cha labala wopepuka wotchedwa EVA motsatira malangizo a kompyuta. Yachiwiri ndi ya makina osindikiza a 3D, omwe amaumba choyala posanjikiza pulasitiki wosungunuka kapena ufa wa nayiloni pang'onopang'ono. Kusindikiza kumatenga maola angapo, koma kumalola kuti choyala chimodzi chikhale chofewa pa malo ena ndi cholimba pa malo ena.

Gawo lomaliza limachitika ndi manja. Katswiri amamata chofunda pamwamba, kudula m'mphepete kuti choyala chilowe m'nsapato, kumuveka wodwala, kumuyendetsa ndi kuunika khungu ngati lafiira. Kwa odwala shuga, malangizo a bungwe la akatswiri la International Working Group on the Diabetic Foot amati nsapato ndi choyala zichepetse kupanikizika pa malo oopsa ndi 30 pa 100 kapena kupitirira, apo ayi kukhale kochepera pa 200 kPa. Apa ndi pomwe makina oyeza kupanikizika amathandiza kwambiri, chifukwa wodwala wa dzanzi sangathe kunena ngati nsapato ikumuluma.

Zomwe kafukufuku wapeza

Kafukufuku woyerekeza njira ziwirizi waonetsa kuti kujambula ndi sikana kumatenga nthawi yochepa kusiyana ndi kuumba ndi pulasitala, ndipo miyezo yake ndi yodalirika mofanana ngati wojambula waphunzitsidwa bwino. Izi zikukhudza kutenga muyezo basi. Choyala chopangidwa ndi kompyuta sichiposa chopangidwa ndi manja a mmisiri waluso chifukwa chongodutsa mu kompyuta.

Funso lina ndi lakuti ndani akufunikadi choyala chopangidwa mwa muyezo wake. Kuunika kwa bungwe la Cochrane kwa mu 2008 kunapeza kuti zoyala zotere zimachepetsa ululu kwa anthu omwe phazi lawo ndi lokhota kwambiri pakati komanso kwa ana odwala nyamakazi. Pa ululu wamba wa pansi pa chidendene, kafukufuku sanaonetse kuti zoyala za mwa muyezo zimaposa zogula zopangiratu, zomwe ndi zotsika mtengo kwambiri. Kuunika kwina kwa bungwe lomweli kwa mu 2022 kunapeza kuti ana a mapazi afulati omwe samva ululu safunika zoyala zodula. Pa chifukwa ichi, makina ojambula omwe amaikidwa m'masitolo a nsapato m'maiko ena ndi njira yotsatsira malonda ndipo asasokonezedwe ndi chithandizo cha kuchipatala.

Ana obadwa ndi mapazi opindikira mkati nawo ali ndi njira yawo yomwe siifuna sikana. Njira ya Ponseti, yomwe inayambitsidwa ndi Dr Ignacio Ponseti wa ku Iowa m'dziko la America, imawongola phazi la khanda ndi manja ndi kulimanga chikhakha sabata iliyonse, ndipo kenako mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo usana ndi usiku kwa miyezi itatu, kenako usiku wokha mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Nsapato za mtundu wa Steenbeek, zomwe zinapangidwa koyamba ku Uganda, amisiri amatha kuzisoka ndi chikopa ndi chitsulo chopezeka konkuno. Njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za m'Malawi ndipo imayenda bwino mwana akafika msanga.

Zomwe zayesedwa mu Africa

Mu 2015 bungwe la ku Canada la Nia Technologies linayamba kuyesa sikana ndi makina a 3D pa chipatala cha CoRSU ku Uganda popangira ana miyendo ndi zochirikiza, ndipo ntchitoyi inafalikira ku Tanzania ndi ku Cambodia. Mu 2016 bungwe la Handicap International, lomwe tsopano likutchedwa Humanity & Inclusion, linayesa njira yomweyi ku Togo, Madagascar ndi Syria, kenako linaikulitsa kufika ku Mali ndi Niger. Ku Uganda bungweli linagwiritsa ntchito lusoli pothandiza anthu othawa kwawo omwe amakhala kutali ndi mizinda, ndipo mu 2020 linalandira mphotho ya European Union chifukwa cha ntchitoyi.

Dongosolo la ena mwa mapulojekitiwa linali lotere. Wogwira ntchito zaumoyo amapita kumudzi ndi sikana yaing'ono, amajambula mwendo ndi kutumiza fayilo ku malo amodzi omwe kuli katswiri ndi makina opangira. Chipangizo chikatha chimatumizidwa kumudzi kuti chikavekedwe. Zomwe anaphunzirapo ndi zakuti njirayi ndi yotheka, koma mtengo wa makina ndi zipangizo zochokera kunja, kuthimathima kwa magetsi ndi kusowa kwa okonza makina akaonongeka ndi zomwe zimabweza ntchito m'mbuyo.

Kumene thandizo limapezeka m'Malawi

Ntchito yopanga ziwalo ndi zochirikiza m'dziko muno yakhazikika m'mizinda ikuluikulu. Malo akale kwambiri ali pa chipatala cha Queen Elizabeth Central mu mzinda wa Blantyre. Bungwe la ku Scotland la 500 miles, lomwe linayambitsidwa ndi Olivia Giles, linagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo potsegula malo ena pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2009 ndi pa chipatala cha Mzuzu Central mu 2012. Mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Chipatala cha Beit CURE, chomwe chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, chimathandiza ana a mavuto a mafupa, pamene bungwe la MAP, lomwe linayamba mu 1979 polimbana ndi ulumali wodza ndi poliyo, lakhala likufikira anthu m'maboma. Akatswiri ambiri a ntchitoyi anaphunzira ku sukulu ya TATCOT ku Moshi m'dziko la Tanzania.

Kwa munthu wa ku Mua, Golomoti kapena Mtakataka, malo apafupi mwa amenewa ndi Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100 podzera ku Salima kapena pokwera mapiri kudzera ku Dedza. Ulendowu sukhala umodzi. Munthu amapita kukayezedwa, kubwereranso kukavekedwa, ndipo mwina kachitatu kukakonzetsa pomwe pakuluma. Nthawi zambiri amafunika womuperekeza, ndiye kuti thiransipoti ya anthu awiri, chakudya ndi malo ogona. Mabanja ambiri amalephera ulendo wachiwiri, ndipo chipangizo chomwe boma kapena bungwe lalipira kale chimatsala pa shelefu.

Apa ndi pomwe sikana ingasinthe zinthu. Wogwira ntchito wophunzitsidwa atakhala ndi sikana pa chipatala cha m'deralo, kapena gulu la akatswiri oyendayenda litafika nayo pa tsiku la kiliniki ya shuga, muyezo utha kufika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Fayiloyo ikasungidwa, choyala china chitha kupangidwa choyamba chikatha popanda kumuyezanso munthu, pokhapokha ngati phazi lasintha.

Zomwe makina sangachite

Sikana siidziwa ngati phazi lili ndi dzanzi. Izi zimayezedwa ndi kaulusi ka nayiloni ka magalamu 10 komwe wachipatala amagunditsa pansi pa phazi wodwala atatsinzina, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Sikana siidziwanso ngati magazi akuyenda bwino m'mwendo kapena ngati chilonda chalowa m'fupa. Munthu yemwe ali ndi chilonda chosapola amafunika chithandizo cha chilondacho poyamba, ndipo choyala chimabwera pambuyo pofuna kuti chisayambirenso.

Choyala chimafunanso nsapato yotseka yokhala ndi malo okwanira. Sichingagwire ntchito m'mapatapata. Pulojekiti yomwe yagula sikana koma osaika ndalama za nsapato ndiye kuti yasiya ntchito panjira. Pamafunikanso kuganizira ntchito ya wodwalayo, chifukwa nsapato ya mlimi wa mpunga wa ku Bwanje iyenera kupirira madzi ndi matope, kuuma msanga ndiponso kutheka kusokedwa ndi mmisiri wa pa msika. M'maiko ena anthu ochira khate akhala akukana nsapato zomwe zimawazindikiritsa kuti anadwalapo, kotero maonekedwe a nsapato nawo ndi nkhani yofunika.

Pomaliza, chipangizo chilichonse chimatha. Zoyala zofewa zimaphwatalala pakapita miyezi ndipo ana amakula. Popanda alangizi a zaumoyo ndi magulu a m'midzi oyendera odwala ndi kuwakumbutsa kuyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, phindu la chipangizo limatha msanga.

Malamulo ndi zoyenera kuunika

Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe ndime 20 yake imapatsa maboma udindo woonetsetsa kuti anthu akupeza zipangizo zoyendera zabwino pa mtengo wofikirika. Mu 2018 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti maiko aike zipangizozi m'ndondomeko zawo za umoyo. Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2024 linalowa m'malo mwa malamulo a mu 1971 ndi 2012, ndipo linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Chithunzi cha phazi chikasungidwa pamodzi ndi dzina ndi matenda a munthu chimakhala chinsinsi cha wodwala, kotero chimatetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2024.

Khonsolo kapena chipatala chikalandira pempho lokhudza lusoli, pali mafunso omwe akuyenera kuyankhidwa ndalama zisanatuluke. Loyamba ndi lakuti ndani adzaunika odwala ndi kusankha oyenera choyala cha mwa muyezo. Lachiwiri ndi lakuti mafayilo adzapita kuti, ndipo kodi malowo avomera kulandira ntchitoyi. Lachitatu likukhudza pulogalamu ya pakompyuta, popeza makampani ena amagulitsa sikana motchipa koma n'kumalipiritsa chiphaso chaka ndi chaka mu ndalama zakunja, kapena kukakamiza kuti zoyala zizipangidwa ku fakitale yawo yokha. Ndi bwino kufuna makina omwe amatulutsa mafayilo a mtundu wodziwika monga STL, omwe malo alionse opangira atha kuwatsegula. Lachinayi ndi la okonza makina ndi kumene zipangizo zosinthira zidzachokera. Lachisanu ndi la bajeti ya nsapato, mafuta a galimoto yoyendera odwala ndi zoyala zolowa m'malo mwa zakutha pulojekiti ikadzatha.

Ndi bwinonso kusiyanitsa zogula za kumudzi ndi za ku likulu. Sikana ya m'manja imagwira ntchito ndi batire ndipo itha kunyamulidwa m'chikwama pa njinga yamoto. Makina osema ndi osindikiza amafuna magetsi osadukiza, chipinda chopanda fumbi ndi ntchito yochuluka kuti mtengo wake ubwerere, kotero malo ake oyenera ndi pa chipatala chachikulu chomwe chimatumikira maboma angapo. Ku chipatala chaching'ono, zinthu zoyamba kukhala nazo ndi kaulusi koyezera dzanzi, kaundula wa odwala omwe mapazi awo ali pa chiopsezo, nsapato zoteteza ndi wogwira ntchito wodziwa kuyang'ana phazi. Pomwe zimenezi zilipo, sikana itha kuchepetsa maulendo a wodwala ndi kufulumizitsa thandizo asanafike podulidwa mwendo.